Ndiike mapaipi ati ku madzi otentha?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Nyumba yomwe ndikukhalamo ili ndi mapaipi akale achitsulo, aja a galvanized, ndipo madzi ayamba kutuluka ofiira ndi dzimbiri, mphamvu yakenso yachepa, makamaka kubafa. Nditamasula joini imodzi ndinapeza kuti m'kati mwangotsala kabowo koti pensulo n'kulowa movutikira.

Ku madzi ozizira ndatsimikiza kale, ndiika mapaipi apulasitiki a PVC. Pomwe pandiimitsa mutu ndi pa paipi yochokera ku giza, chifukwa PVC wamba sapirira madzi otentha kupitirira madigiri 60. Pulambala wina akuti ndiike PPR, paipi yapulasitiki ija amalumikiza poitenthetsa ndi makina m'malo mwa guluu. Mnzake wakakamira pa kopa, ati sindidzaigwiranso.

Kopayo ndikuifuna ndithu, koma mbali ina ya mapaipi akalewo ili m'khoma ndipo kugumula sindikufuna. Paja kopa ikakhudzana ndi galvanized, chitsulocho chimadyeka msanga pajoinipo. Kodi kuika cholumikizira cha brass pakati kumathetsadi vutoli, kapena kumangolichedwetsa?

Chinanso, kagawo kena kadzadutsa panja, padzuwa. Amene munaikapo PPR pamalo otere, munaikuta ndi chiyani?