Ana aang'ono mumawaphunzitsa bwanji zopewa ngozi osawaopseza?

Makolo anzanga ndithandizeniko maganizo. Mwana wanga ali ndi zaka 6, wangoyamba kumene sukulu, koma chidwi chake eeh, chilichonse afuna achigwire, machesi, soketi ya magetsi, mapilitsi amawaona ngati maswiti, olo poto wa madzi otentha ali pamoto iye wafika kale. Kubisa ndimabisa ndithu koma sindingabise zonse, ndipo kusukuluko sindikhalako.

Chikundivuta kwambiri ndi nkhani ya anthu. Zoti asamakwere galimoto ya munthu wosamudziwa amamva, koma nanga poti ambiri ochitira ana nkhanza amakhala anthu owadziwa kale, achibale kaya maneba, ndimuuze bwanji kuti pali malo ena pathupi pake oti wina aliyense asamugwire, ndipo zitachitika azandiuze olo atamuopseza kuti asaulule? Sindikufuna akule wamantha, kumangothawa aliyense ayi.

Komanso kuwoloka msewu okha munayamba kuwalola ali ndi zaka zingati? Nambala yanga ya foni ndikumuphunzitsa kuloweza koma akafika chakumapeto amasokoneza. Aphunzitsi muli muno, mkalasi zimenezi mumaphunzitsa kapena ndi zathu makolo basi?