Kodi timu ya Ballyhale imatha bwanji kumenya matimu a m'tauni?

Wofunsa: Anzanga, ndaonera pa YouTube masewero a hurling a ku Ireland, aja omenya kampira ndi ndodo. Chandizunguza mutu n'chakuti Ballyhale Shamrocks ndi timu ya kumudzi, ku Kilkenny, koma zikho zambiri n'zake. Amagula osewera?

Yankho 1: Ayi achimwene, kumeneko kulibe zogulana. Pansi pa GAA, bungwe loyendetsa masewerowa lomwe linayamba mu 1884, wosewera salandira malipiro, ndipo amasewerera timu ya parishi yake. Masana ali kuntchito kapena kufamu, madzulo kubwalo. Timuyi inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo pofika 1981 inali itatenga kale chikho cha All-Ireland, cholimbirana matimu a m'Ireland monse.

Yankho 2: Musaiwale banja la a Fennelly, abale angapo m'timu imodzi! Kenaka panabwera Henry Shefflin, wa mamendulo 10 a All-Ireland ndi timu ya boma lonse la Kilkenny. Atasiya kusewera anabwerera kwawo kukaphunzitsa Ballyhale, n'kupambana 2019 ndi 2020 motsatizana.

Yankho 3: Kwa ine, TJ Reid ndiye katswiri weniweni. Mu 2023 iye ndi anzake a Ballyhale anatenganso chikho cha All-Ireland, cha nambala 9 kwa timuyi. Shefflin mumamutamanda mopitirira muyeso.