Za mayeso aja a CCNA (satifiketi ya Cisco ya za ma netiweki a makompyuta): zomwe ndasintha

Mwezi watha ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani ndimakhoza mafunso oyeserera koma ndikangoti ndikonze router (chipangizo cholumikiza ma netiweki) mutu umaima. Ambiri munati ndangoloweza mayankho. Munanena zoona ndithu.

Ndiye manotsi anga ndawalembanso. Mutu uliwonse tsopano uli ndi ntchito ya mu Packet Tracer (pulogalamu ya Cisco yoyeserera ma netiweki pakompyuta): kupanga ma VLAN awiri (magawo olekanitsidwa mkati mwa netiweki imodzi), kusokoneza mwadala trunk (njira imodzi yodutsamo ma VLAN angapo), kenako kusaka vuto ndi lamulo loti show interfaces trunk. Subnetting (kugawa maadiresi a netiweki m'timagulu) ndimaichita papepala m'mawa uliwonse, mpaka kagulu ka /26 kazingobwera kokha: maadiresi 64, ogwiritsika ntchito 62.

Samalani ndi manotsi akale, mayeso a CCNA (200-301) anawonjezeramo za AI mu 2024. OSPF (momwe ma router amauzirana njira zodutsamo data) yokha ndiyo ikundizunguzabe.