Thandizo lapezeka koma silikwana zonse: tiyambe mjigo, sukulu kapena luso la amayi?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Komiti yathu yalonjezedwa thandizo la zaka ziwiri la dera lina la kumudzi. Pempho la anthu lili patatu: madzi aukhondo, kukonza sukulu ya pulayimale, ndi kuphunzitsa amayi luso la manja. Ndalamazo zingaboole mjigo umodzi n'kutsalako pang'ono. Ena akuti tigawe patatu kuti pasakhale wodandaula. Kodi tiyambe chiti? Nanga mu mgwirizano ndi kontrakitala tilembemo zotani kuti tisapusitsidwe?

Mmisiri wa mijigo:
Mayi, musagawe patatu mofanana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yambani madzi, ndipo ngati pansi pakulola, mjigowo ukhale pafupi ndi sukulu kuti utumikire ana ndi mudzi womwe.

Ndalama yoyamba ipite kwa katswiri woyeza madzi a pansi, osati kwa woboola. Malo asasankhidwe chifukwa ali pafupi ndi khomo la munthu wotchuka. Akhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi kapena khola, ndipo akhale kumtunda kwake.

Mu mgwirizano musalole kulipira zonse makina akangochoka. Lembani kuti dzenje louma lilipiridwa bwanji, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepo. Lembani kuya, mtundu wa mapaipi, pamene aike mapaipi a sefa, miyala ing'onoing'ono yosefa madzi yozungulira paipi, ndi simenti yotseka mamita angapo a pamwamba. Simenti imeneyi ndi imene oboola achinyengo amaidumpha, popeza ikakwiririka palibe amaiona. Zotsatira zake zimaoneka dzinja: madzi a mvula amatsika m'mbali mwa paipi, mjigo n'kuyamba kutulutsa madzi a matope, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Pakhale munthu wanu wodziwa ntchito, woima pomwepo ndi kope, kuwerenga mapaipi ndi matumba a simenti pamene akulowa.

Akatha kuboola atsuke dzenje ndi mpweya mpaka madzi ayere, kenako apope kwa maola angapo mosalekeza, akuyeza momwe madzi akutsikira ndi momwe akubwerera akasiya. Popanda chikalata cha zimenezi musasaine. Sungani 10 pa 100 ya malipiro mpaka mjigo udutse chilimwe chimodzi. Mjigo umene uli ndi madzi mvula itangotha sunayesedwe.

Wa zaumoyo:
Kuwonjezera pa zimene anena bambowa: madzi oyera m'maso si umboni. Tumizani madzi ku labotale anthu asanayambe kumwa. Malire a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi awa: E. coli (kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa ndowe) asapezeke ngakhale mmodzi mu mamililita 100, ndipo pa michere yosungunuka m'madzi, fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, nitrate 50, arsenic (amene ndi poizoni) 0.01. Fluoride wochuluka amathimbiritsa mano a ana ndi kuwononga mafupa pang'onopang'ono. Arsenic saoneka, sanunkha. Ku Bangladesh zitsime mamiliyoni zinaboledwa ndi mtima wabwino, vuto la arsenic n'kudzadziwika m'ma 1990 anthu atamwa kale zaka zambiri.

Yezaninso pH, muyezo wa asidi m'madzi. Ikakhala pansi pa 6.5, mapaipi a chitsulo monga amene amabwera ndi mjigo wa mtundu wa India Mark II amachita dzimbiri msanga, madzi amafiira, anthu amabwerera kumtsinje. Pamenepo funani mapaipi a PVC kapena chitsulo chosachita dzimbiri.

Werenganinso anthu. Muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza anthu amatsata pa nthawi ya ngozi, umati mjigo umodzi usapitirire anthu 500 ndipo munthu apeze malita 15 patsiku. Pa moyo wa masiku onse ndi bwino akhale ochepera pamenepo, apo ayi mzere wa zigubu umatalika mpaka atsikana kuchedwa m'kalasi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga zokonza ukawonongeka? Opereka thandizo akuti gawo limenelo n'la anthu eni ake.

Mmisiri wa mijigo:
N'la anthu eni ake ndithu, koma muwakonzekeretse ndi ndalama ya pulojekiti. Ngati madzi sali pansi kupitirira mamita 45, mjigo wa mtundu wa Afridev ndi wabwino chifukwa anaupanga kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola marodi ndi kusintha zotha popanda kutulutsa mapaipi. Zimene zimatha msanga ndi timphira ndi tipulasitiki tating'ono: U-seal, O-ring, bobbin, ndi mabushi a pachogwirira. Sinthani kamodzi pachaka, osadikira kuti ufe. Mabushi akatha chogwirira chimayamba kugwedera uku ndi uku, chitsulo n'kumadya chitsulo, ndipo kanthu kotchipa kamaphetsa mutu wonse wa mjigo.

Aphunzitseni mayeso awiri. M'mawa, asanatunge aliyense, awerenge kuti apopa kangati madzi asanatuluke; akachedwa ndiye kuti vavu ya pansi (yoletsa madzi kubwerera m'dzenje) kapena paipi ikudontha. Kenako apope ka 40 pa mphindi imodzi, chogwirira chizifika pamwamba ndi pansi: ndowa ya malita 20 iyenera kutsala pang'ono kudzaza. Ikathera pakati, mphira watha.

Chopereka cha pamwezi chiyambe makina asanabwere, chisungidwe ndi anthu awiri kapena atatu osayinira, ndipo dziwani sitolo yogulitsa masipeyala ndi mmisiri wapafupi musanasankhe mtundu wa mjigo.

Mphunzitsi:
Ine ndisiyana pang'ono ndi akuluwa pa zotsalazo. Musazisunge zonse ku madzi. Kusukulu musathamangire kumanga chipinda chatsopano. Boma likapanda kutumiza mphunzitsi chimangokhala mosungira mabenchi othyoka. Funsani kaye ofesi ya maphunziro, ndipo ayankhe polemba. Chimene ndalama yochepa ingachite bwino ndi zimbudzi. Malangizo a WHO a 2009 amati chimbudzi chimodzi pa atsikana 25, ndipo kwa anyamata 50 chimbudzi chimodzi ndi pokodzera. Cha atsikana chikhale ndi chitseko chotsekeka m'kati, madzi ndi sopo, kuti amene ali kumwezi asajombe. Pansi pa dzenje patalikirane ndi madzi a pansi mamita 1.5 kapena kuposa, ndipo m'dothi la mchenga mumange njerwa m'kati, chifukwa limagumuka mvula ikachuluka.

Mlangizi wa magulu a amayi:
Achemwali, za luso zidikire chaka chachiwiri, koma gulu liyambe lero chifukwa silidya ndalama zambiri. Njira ya banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayamba ku Niger mu 1991, imangofuna amayi 15 mpaka 25, bokosi la maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, timabuku, ndi wowaphunzitsa. Amasunga, amabwereketsana, n'kugawana patatha miyezi 9 mpaka 12. Musathiremo ndalama za opereka thandizo. Zikangodziwika kuti n'za bungwe, ngongole sizibwezedwa.

Cholakwika chofala ndi kuphunzitsa amayi 30 kusoka m'dera limene matelala atatu akukwana kale. Yendani pamsika kaye, muone chimene anthu amakagula kutali. Maphunziro akhale pafupi, pa maola amene amayi angathe, pakhale wolera ana, ndipo muphatikize kuwerengera mtengo ndi phindu. Amene wamaliza asangopita ndi satifiketi yokha. Apite ndi zida, kapena agule pang'onopang'ono kudzera m'gululo.

Wofunsa:
Kodi amayi a gululo angakhalenso osamalira mjigo?

Mmisiri wa mijigo:
Angathe, ndipo ndi amene amayamba kumva chogwirira chikasintha kulira. Phunzitsani osachepera atatu, kuti wina akasamuka luso lisapite naye. Muwapatse sipanala ya Afridev, chida chowedzera vavu ya pansi, ndi masipeyala a chaka chimodzi. Koma thumba la mjigo likhale ndi buku lakelake, losiyana ndi bokosi la ngongole. Likasakanizidwa, tsiku limene mphira watha mudzapeza ndalama zonse zili m'manja mwa obwereka, ndipo anthu adzamwa za kumtsinje mpaka tsiku logawana.