Hilux yoyenda ku Usisya ndi ku Nyika: ndiyambe ndi matayala kapena kuikweza?

Wamalonda wa ku Katoto

Akuluakulu, ndili ndi Toyota Hilux ya double cab, ya dizilo, imene ndimanyamulira katundu kupita ku Usisya, ndipo nthawi zina ndimapita nayo ku Nyika kudzera ku Rumphi ndi pa geti ya Thazima. M'chilimwe imayenda bwino, koma mvula ikayamba matayala amangozungulira m'matope, ndipo ndikanyamula matumba a feteleza imagunda pansi. Ndalama zimene ndasunga sizingakwanire zonse pakamodzi. Kodi ndiyambe ndi kuikweza, kugula matayala akuluakulu, kapena kuika bull bar (chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto) ndi winch (makina a chingwe odzikokera galimoto ikatitimira) monga ndimaonera pa magalimoto a mabungwe?

Makaniko wa ku Luwinga

Bambo, yambani ndi matayala, ndipo mugule a all-terrain (oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe) a saizi yomweyo imene galimotoyo inabwera nayo. A mud-terrain amagwiradi bwino m'matope, koma pa tala amalira, amatha msanga ndiponso sagwira bwino msewu ukanyowa, pamene popita ku Rumphi mumayenda pa tala ya M1. Mukakulitsa saizi, galimoto imamwa mafuta ambiri, imalemedwa pokwera chitunda, ndipo speedometer imaonetsa liwiro lochepa kuposa limene mukuthamangadi, zimene zingakulipiritseni kwa apolisi a pamsewu.

Kugunda pansiko nthawi zambiri kumatanthauza kuti masipuling'i a kumbuyo atopa. Imikani galimoto pamalo osalala ilibe katundu, mugwade ndi kuwayang'ana: ngati awongoka m'malo mopindika ngati uta, ndipo mphira yotchinga ili ndi chizindikiro chonyezimira pamene imagundana ndi chitsulo, asintheni pamodzi ndi mashoki ndi mabushi. Mukafuna kuikweza musapitirire mamilimita 50, chifukwa kutsogolo ma CV joint (mfundo za zitsulo zozunguza matayala) amapendekeka kwambiri, mphira zake zimang'ambika, girisi n'kutuluka, fumbi n'kulowa. Dziwaninso kuti kukweza galimoto sikukweza difu ya kumbuyo, chibulunga cha magiya chimene chili pakati pa matayala a kumbuyo. Difuyo imakhalabe pomwe inali, ndipo ndi imene imayamba kukhula m'misewu yokumbika ndi malole.

Dalaivala wa ku Rumphi

Ndikugwirizana ndi a makaniko pa za matayala, koma ine ndingaike chitsulo choteteza pansi pa injini ndisanakhudze masipuling'i, popeza mwala umodzi ukaboola sampu (mosungira oilo pansi pa injini) pa zitunda za ku Usisya, ulendo wathera pomwepo. Za winch musazifulumirire, achimwene. Pamwamba pa Nyika malo ambiri ndi udzu wokhawokha, ndiye mukatitimira mudzamangirira chingwe chake ku mtengo uti? Fosholo, chingwe cholimba chokokera ndi pampu yopopera matayala zimathandiza kwambiri pa mtengo wochepa, chifukwa mukachepetsako mpweya m'matayala pamatope amagwira bwino, kenako n'kupopanso mukafika pa tala. Potsetsereka gwiritsani ntchito 4L (4x4 ya mphamvu yoyenda pang'onopang'ono) ndi giya yotsika kuti injini izigwira galimoto, osati kuponda mabuleki mpaka kununkha. Mukabwerera pa tala youma muzichotsa 4x4, apo ayi zitsulo za pansi zimakokana ndi kuwonongeka.

Mayi wa ku Chibavi

Ine ndingowonjezera za mapepala. Musanasinthe chilichonse chachikulu, kafunseni ku Road Traffic ngati sichidzakuvutitsani pokatenga COF, ndipo mudziwitse a inshuwalansi mwa kalata, kuopa kuti angadzakane kulipira ngozi itachitika. Bull bar yowotcherera m'tauni muno ndi yotchipa, koma ngati Hilux yanu ili ndi ma airbag, ingasokoneze mmene amatsegukira, komanso kulemera kwake kumatopetsa masipuling'i a kutsogolo.

Wamalonda wa ku Katoto

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi matayala ndi chitsulo cha pansi, kenako masipuling'i ndikagulitsa soya. A makaniko, kodi ndingathe kungowonjezera sipuling'i imodzi mbali iliyonse, kapena n'kofunika kusintha mpukutu wonse?