Mwana wanga akufuna kudzakhala dokotala wa ana: njira yake ndi yotani?

Nabanda wa ku Ntcheu:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndipo mtima wake uli pa udokotala wa ana chichokereni pamene mng'ono wake anapulumuka ku malungo aakulu. Kodi maphunzirowa amatenga zaka zingati? Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kuchipatala chathu chaching'ono sitinaonepo dokotala wa ana. Kodi akadzamaliza adzatithandiza ife akumudzi, kapena adzangokhala m'tauni n'kumachita kafukufuku?

Mphunzitsi wa Sayansi:
Mayi, ulendo wake ndi wautali. Amayamba ndi chaka chokonzekera ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, kenako amaphunzira zaka 5 kuti apate digiri ya udokotala yotchedwa MBBS. Akatero amagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu asanavomerezedwe mokwanira ndi bungwe lovomereza madokotala la Medical Council of Malawi, ndipo ukatswiri wa matenda a ana umafuna zaka zina 4. Alimbikire Biology, Chemistry, Physics ndi masamu kuyambira pano.

Namwino Wopuma Pantchito:
Nkhawa yanu ndi yomveka, mayi, koma kafukufuku musamuone ngati wotalikirana nanu. Kale ana ankadikira pamzere motsatira amene wayamba kufika, ndipo ena ankamwalira ali kumsana kwa amayi awo asanaonedwe. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anathandiza kukonza njira ya ETAT, yoti aziyamba kuthandiza mwana amene akubanika, akukomoka kapena watha madzi m'thupi, ndipo imfa za ana m'wodi zinatsika. Njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa mwana wa malungo, Blantyre Coma Scale, inachokeranso komweko kwa madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor. Mu 2015 gulu la Taylor linaonetsa kuti ana ambiri amene amafa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupuma kumaima. N'kutheka kuti wamng'ono wanuyo anapulumuka chifukwa wina anaphunzitsidwa zoterezi.

Mlangizi wa Zaumoyo:
Ndikugwirizana ndi anamwino, komabe tisabise kuti kumudzi mwana amaonedwa ndi ife alangizi, anamwino ndi ma clinical officer. Dokotala wa ana amatifikira kudzera m'malangizo amene timatsata kusikelo ndi kukiliniki ya m'mudzi, monga kuwerenga kupuma kwa mwana wa chifuwa kuti tizindikire chibayo, komanso katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa kuno mu 2019. Pempho langa n'lakuti mtsikanayo akadzamaliza azidzayendera zipatala za m'maboma, chifukwa mwana amene timamutumiza ku Lilongwe kapena ku Blantyre nthawi zambiri amafika atafooka kale ndi mtunda.