Zotsatira za funso langa la mawaya a mapulagi

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pa funso langa lija, loti ndigule mawaya a mapulagi pa intaneti kapena ndisunge amene anabwera ndi Toyota Corolla yanga ya injini ya 5A-FE, yomwe inkadukizadukiza m'mawa kukakhala chifunga kuno ku Mzuzu.

Ambiri munati ndisathamangire kugula ndisanayese akalewo, ndipo ndinatsatira malangizowo. Usiku, injini ikulira, ndinawaza timadzi pa mawayawo, ndipo moto unaoneka ukuthetheka pa waya wa silinda yachitatu pomwe rabala inali itang'ambika. Makaniko wina wa ku Luwinga atayeza ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, anapeza kuti atatu enawo akadali bwino, choncho ndinangosintha umodziwo ndi wofanana nawo kutalika. A pa intaneti ndinawasiya, chifukwa zoti amawonjezera mphamvu sindinazikhulupirire, komanso munthu sungawayerekeze ndi akale usanalipire.

Galimoto tsopano ikukwera Chikangawa popanda kudukiza. Posintha, chotsani waya umodzi pa nthawi kuti musasokoneze dongosolo la 1-3-4-2 lomwe masilinda amatsatira polandira moto, ndipo kokani chivindikiro cha rabala cha kunsonga kwa waya, osati waya weniweniwo.